Kadzanja Kachikasu

"Chete nonse! Galu akuuwayo ndi wa ndani?"

Palibe anayankha, kapena anayankha onse nthawi imodzi, sindikudziwa. Mu laputopu munkamveka zonse za m'dziko: wailesi, khanda lolira, mpopi ukuthira madzi mu ndowa, bambo wina akukalipa kuti makiyi a galimoto waika kuti. Ana makumi awiri ndi atatu, nyumba makumi awiri ndi zitatu, zonse zitakhuthukira pa tebulo langa lodyera. Ndinamenya tebulo ndi chikhatho monga ndinkachitira m'kalasi, kapu ya tiyi n'kudumpha, koma ana osamva n'komwe. Pamenepo ndinakumbukira zimene mlembi wa mpingo anandisonyeza dzulo lake. M'munsi mwa sikirini munali batani lotseka pakamwa pa onse, ndipo pambali pake panali lina loletsa mwana kudzitsegulira yekha. Ndinadina onse awiri.

Zii.

Abale inu, ndisaname, ndinasangalala. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinali nditaphunzitsa ana Mawu a Mulungu Loweruka lililonse masana, mpaka mawu kusasa ndi kukuwa, ndipo panalibe anandiuzapo kuti kunja kuno kuli batani lotere. Ndinakhala tsonga, ndinakonza mpango, ndinaphunzitsa ola lathunthu popanda wondidula mawu. Sindinadziwe kuti batani lomwelo lidzanditayitsa mwana amene ndinkamukonda kuposa onse.

Kalasi inasamukira pa intaneti chifukwa cha ine. Ndinaterereka m'bafa, fupa la m'chiuno n'kuthyoka. Ndimakhala pamwamba penipeni m'nyumba yosanja yopanda chikepe, masitepe makumi anayi ndi awiri. Ndinawawerenga tsiku limene anyamata a ambulansi anandikweza pobwera kuchipatala. Bambo a kunyumba anatisiya kalekale. Mwana wanga mmodzi yekhayo amagwira ntchito kutali, ndipo amaimba foni Lamulungu lokha: "Amayi, mwamwa mankhwala? Chabwino, ndikuyimbiraninso." Abusa atabwera kudzandiona, akupumira m'mwamba ndi masitepe aja, anayamba kuzungulira nkhani, ati mwina kalasi aipereke kaye kwa wina.

"Chathyoka ndi chiuno, abusa, pakamwa pali bwinobwino," ndinawauza.

Mawa lake anatumiza laputopu ya ku ofesi. Kunena zoona, kalasiyo ndinkaifuna kuposa mmene iyo inkandifunira. Sabata yonse m'nyumba mwanga munkalankhula firiji yokha.

Mwa ana onsewo munali mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu amene tinkamutcha Kafunsefunse. Kutchalitchi ankabwera yekha, kungotsatira anzake a kusukulu. Makolo ake sanali a mpingo wathu ndipo sindinawaonepo. Tikadali m'chipinda chathu cha kutchalitchi, iye ankakhala kutsogolo, akutafuna chivindikiro cha cholembera, dzanja lili m'mwamba ndisanamalize n'komwe kupemphera.

"Aphunzitsi, Mulungu asanalenge kuwala, ankaona bwanji?"

"Aphunzitsi, ngati munthu ndamukhululukira koma ndikamuona mtima ukuwirabe, ndakhululuka kapena ayi?"

"Iwe, udzandipha ndi mafunso," ndinkatero. Koma pobwerera kunyumba ndinkaseka ndekha mu basi, ndipo sabata yonse ndinkaitha ndikufufuza yankho lake.

Pa intaneti nkhope yake sindinaionenso. Ana onse anazimitsa makamera, ati netiweki imavuta. Ndinatsala ndi tibokosi takuda, kalikonse ndi dzina lake m'munsi, ndipo mayina ambiri anali a mafoni, osati a anthu. Kabokosi ka Kafunsefunse kanalembedwa kuti "Foni ya Amayi." Ndinamuzindikira tsiku loyamba lija, chifukwa ndisanadine batani mawu ake anapyoza phokoso lonse: "Aphunzitsi, chiuno chili bwanji?"

Kaphunzitsidwe kanga sikanasinthe. Ndinkawerenga funso la m'buku, n'kuwerenga yankho, n'kunena kuti, "Bwerezani!" Kenaka ndinkawerenga mpaka khumi chamumtima, m'nyumba muli zii, n'kugwedeza mutu: "Mwachita bwino." Tangoganizani, mzimayi wamkulu ngati ine, kuyamikira khoma! Koma ine ndinkaona kuti zikuyenda, chifukwa buku tinkalithamanga kuposa zaka zonse.

Pa kabokosi ka Kafunsefunse pankatuluka kadzanja kachikasu. Ine ndinkayesa moni. Ndinkakweza langa n'kumubayibitsa.

"Eya, ndakuona, mwana wanga. Zikomo."

Loweruka lina kadzanjako kanakhala pomwepo ola lonse. Ndinati mumtima, mwana uyu waleredwa bwino.

Loweruka lachisanu ndi chiwiri phunziro linali la imfa ndi kuuka kwa akufa. Ndinaliphunzitsa ndi mphamvu, mpaka thukuta. Chakumapeto ndinawonjezera mawu anga amene ndinkawanena chaka chilichonse poopseza ana ojomba. M'buku mulibe, ndi anga ndithu.

"Munthu wothawa nyumba ya Mulungu ali moyo asayembekezere kuti atafa chitseko chidzamutsegukira."

Kadzanja kachikasu kanazima. Patapita kamphindi kabokosi konse kanachoka, tinzake n'kusendera kutseka malo ake. Ndinati ndi netiweki. Loweruka lotsatira sanalowe, linzakenso sanalowe, ndipo ndinayamba kukwiya naye, poganiza kuti nayenso wayamba ulesi.

Lachitatu lina mlembi wa mpingo anabwera kudzatenga mndandanda wa ana olowa m'kalasi. Ndi mayi wachangu, wa msinkhu wa mwana wanga, woyenda ndi makiyi ambirimbiri m'chikwama. Anandibweretsera buledi ndi malalanje, anatsegula mawindo osandifunsa, kenaka anakhala pa laputopu.

"Amayi, mauthenga onsewa simuwerenga?"

"Mauthenga ati?"

Analoza kakona ka sikirini. Panali kadontho kofiira, mkati mwake nambala 61.

"Si batire imeneyo?" ndinafunsa.

Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anadina pamenepo, ndipo kumbali kunatseguka mzere wautali wa zimene ana akhala akulemba kuyambira tsiku loyamba. Tinawerengera limodzi. "Sitikumva." "Aphunzitsi mwayandikira kwambiri, tikungoona mphuno." "Ndani wapeza nambala 4 ya masamu?" Wina analemba kuti agogo aiwala kuti ali pa kamera, akutokosa m'mano. Ndinaseka nawo, ndikulumbira kuti ameneyo ndikamugwira aona.

"Nanga kadzanja kachikasu kaja?" ndinafunsa. "Kamwana kena kamandipatsa moni tsiku lililonse."

"Si moni, amayi. Ndiye kuti mwana wakweza dzanja, akufuna kulankhula."

Anatsitsa mzere uja, kenaka anasiya kuseka.

"Awa anatumiza kwa inu nokha. Anzake sanawaone."

Anatembenuzira laputopu kwa ine. Ndinavala magalasi. Onse anali ochokera ku "Foni ya Amayi," uliwonse ndi tsiku lake.

"Aphunzitsi, ndakweza dzanja."

"Aphunzitsi, amayi agonekedwa m'chipatala. Tingawapempherere pomaliza?"

"Lero mwaiwala. Sabata yamawa?"

"Aphunzitsi, asiya kudya."

"Amayi anamwalira Lachiwiri."

"Aphunzitsi, amayi sankapita kutchalitchi. Panopa ali kuti?"

Womaliza unali wa Loweruka la phunziro lija, mphindi zochepa lisanathe. Unali wa mawu awiri okha: "Ndamva, aphunzitsi."

Mayo ine. Ndinafuna kudzuka, chiuno chinakana. Ndiye monga amachitira munthu wolakwa, ndinafunafuna womukalipira.

"Iwe, bwanji sunandiuze kuti muli zoterezi?"

"Ndinakuuzani, amayi," anayankha motsitsa mawu. "Munati ndikusonyezeni lotsekera basi, zinazo ndi za achinyamata."

Sananame. Ndinatero ndithu, ndipo ndinatero monyada. Ine amene ndinkauza ana kuti safunsa anadya phula, ndinalidya ndekha, mwana wa eni n'kudya nane.

Mlembi atapita ndinatenga kaundula wa kalasi. Nambala imene inalembedwa pa dzina la Kafunsefunse inali ya foni yomweyo, ya malemu. Ndinaiyimba katatu, kudula isanalire. Kachinayi ndinalimba mtima. Anayankha bambo wa mawu otopa.

"Pepani, bambo, ndine mphunzitsi wa kalasi ya Loweruka. Nkhani ya maliro ndaimva lero lomwe. Pepani kwambiri."

"Oo, ndinu aphunzitsi aja? Zikomo, mayi. Ndimafuna ndikupezeni ndikuthokozeni, koma mukudziwa mmene zimakhalira."

"Mundithokoze chiyani?"

"Mapemphero. Mwanayu akabwera kuchipatala Loweruka madzulo ankawauza mayi ake kuti lero kalasi yonse yakupemphererani, aphunzitsi atchula dzina lanu. Mayi akewo za tchalitchi analibe nazo ntchito, koma akamva zimenezo ankamwetulira."

Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo. Ndikanatha kungoti zikomo, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma bodza limenelo linali la mwana, analinena chifukwa cha chikondi. Ine ndikanalitenga likanakhala kuba.

"Bambo, sitinapemphere ngakhale kamodzi. Mwana anapempha, ine sindinaone. Ndinawatseka pakamwa onse. Ndipo tsiku lomaliza ndinanena mawu oipa, iye akumva."

Ndinkamva mpweya wake wokha.

"Mayi ake anapita akudziwa kuti munkapemphera," anatero pomaliza. "Zimenezo zisiyeni choncho."

"Ndingalankhule naye?"

Ndinamva akuitana, chitseko chikulira, manong'onong'o. Kenaka mawu aja ndinkawadziwa bwino, ali chapatali: "Auzeni ndatuluka."

"Akuti watuluka," anatero bambowo, osabisa n'komwe.

"Mumuuze kuti Loweruka pakamwa pa aliyense padzakhala potsegula. Ndidzamudikira."

"Ndimuuza, mayi. Koma mwanayu masiku ano safunsanso kanthu kwa aliyense."

Mawu amenewo anandilasa kuposa onse. Masana omwewo ndinatenga ndodo zanga, ndinavala nsapato, ndinati ndipita konko ngakhale chokwawa. Ndinatsika masitepe atatu. Pachinayi ululu wa m'chiuno unandigonjetsa, ndinakhala pansi. Ndinakhala pamenepo pafupifupi ola, ndikumva anthu a m'munsi akutsegula ndi kutseka zitseko zawo, mafuta akulira m'mapoto, wina akuyimba m'bafa. Palibe anakwera. Ndinabwerera chokhala, sitepe imodzi imodzi, ndikulira ngati kamwana.

Masiku awiri otsatirawo ndinalemba yankho la funso lake. Ndinatsegula mabuku onse a pashelefu, ndinaimbira abusa kawiri, ndinalemba, kufufuta, kulembanso. Anakwana masamba atatu. Pambali pa sikirini ndinamata kapepala ka zilembo zikuluzikulu: YANG'ANA MANJA.

Loweruka sindinadine batani lija. Phokoso linalowa lonse, galu yemwe uja, khanda lomwe lija. Ndinawaitana ana mmodzimmodzi, aliyense ndi dzina lake lenileni, ndipo ena anadabwa mpaka kuyatsa makamera. Anali atakula, ena atameta, wina ali ndi magalasi atsopano. Asanu sanayankhe n'komwe. Anali atasiya mafoni pampando n'kupita kosewera, mwina kuyambira sabata yoyamba.

"Ana inu," ndinatero, "mawu aja ndinanena a chitseko chosatseguka, m'buku mulibe. Anali anga, ndipo ndinalakwa. Chitseko si changa, makiyi ake sindisunga ine."

"Aphunzitsi, ndiye pa mayeso tisalembe?" anafunsa wina.

"Usalembe."

Anamva ana khumi ndi asanu ndi awiri, kapena kucheperapo. Amene ndinkamuuza panalibe.

Kalasi itatha sindinatseke. Tibokosi tinazima kamodzikamodzi mpaka ndinatsala ndekha, nkhope yanga itadzaza sikirini yonse. Ndinadziyang'ana, nkhalamba ya mpango wopendekeka, masamba atatu ali m'manja. Ndinadikira mpaka dzuwa linachoka pakhoma. Loweruka lotsatira ndinachita chimodzimodzi. Lamulungu mwana wanga ataimba, ndinayamba kumufotokozera, koma anati, "Amayi, musadzivutitse, ana amaiwala msanga." Ndinangoti chabwino, mankhwala ndamwa.

Loweruka lachitatu, ana onse atatuluka, ndinali ndikusenda lalanje pamene laputopu inalira kamodzi. Nkhope yanga inasendera kumbali. Pambali pake panabwera kabokosi kakuda, "Foni ya Amayi."

Ndinaika mpeni pansi pang'onopang'ono, ngati kuti phokoso lingamuthawitse.

"Ndikumva, mwana wanga. Pakamwa pako pali potsegula."

Sanayankhe. Koma ndinkamva m'nyumba mwawo: mpopi ukudontha, mpando ukulira, ndi kupuma kwake. Pakamwa panga pankayabwa. Zaka makumi atatu ndi zinayi sindinasiyepo kalasi ili chete popanda ine kuikamo mawu. Ndinaluma mlomo n'kudikira.

"Adadi anandiuza kuti munawauza," anatero pomaliza. Mawu ake anali aang'ono, ouma.

"Ndinawauza. Ndinakulakwira kwambiri. Mauthenga ako ndinawawerenga mochedwa, ndipo kadzanja kako ndinkayesa moni."

"Munkandibayibitsa."

"Ndinkakubayibitsa."

Ndinamva kamphuno, sindikudziwa ngati kunali kuseka kapena kulira. Ndinakokera masamba anga pafupi.

"Funso lako lija ndalifufuza. Mawu ndinanena tsiku lija anali abodza. Ukafuna ndikuwerengere zimene ndapeza."

"Lija ndinalisiya. Ndinafunsa pa intaneti."

"Inakuyankha chiyani?"

"Zambirimbiri. Aliyense zake."

Ndinatembenuza masamba aja chafufumimba. Ndinaona kuti ndamutaya ndithu, wangobwera kudzatsanzika mwaulemu. Mtima unandiwawa, koma ndinati ndisamukakamize.

"Aphunzitsi."

"Ee, mwana wanga."

"Ndili ndi lina."

Kabokosi kakuda kanawala. Poyamba ndinaona denga, kenaka khoma, kenaka iye. Anali ataonda, maso atakula. Kumutu anali ndi chipewa cha ulusi ngakhale kunkatentha. Anachivula. Tsitsi lake linali lolukidwa mizere yopita kumbuyo, koma yakalekale. M'munsi linali litamera, mizere itafutukuka, tsitsi lina lili nyankhalala m'mbali.

"Anandiluka ndi amayi, kutatsala tsiku limodzi kuti apite kuchipatala. Azakhali akuti ndi uve, ndimasule. Kusukulu akundiseka." Anagwira mzere umodzi. "Ndikamasula, palibenso china chimene anachigwira chimene chili pa ine. Ndimasule, aphunzitsi?"

Ndinatsegula pakamwa, poti yankho kwa ine silinkasowa. Panalibe. M'buku munalibe, m'masamba atatu aja munalibe, pashelefu ponse panalibe.

"Sindikudziwa, mwana wanga," ndinatero. "Sendera pafupi, ndione mmene ankalukira."

Anaweramitsa mutu n'kuyandikitsa foni. Nkhope inachoka, sikirini yonse inadzaza tsitsi. Ngakhale itakalamba, mizereyo inkaoneka kuti inalukidwa ndi dzanja lodziwa ntchito, yoyenda bwinobwino kuchokera pachipumi mpaka kunkhongo. Umodzi wokha, wa kumanzere, unakhota pakati.

"Apo ndi pamene anatopa," anatero, mawu akuchokera pansi. "Anati ndidikire kaye apume. Mukuona?"

Ndinapukuta chala changa pa chitenje. Ndinachiika pagalasi, poyambira mzerewo, n'kuyamba kuutsatira pang'onopang'ono mpaka pokhota paja. Galasi linali lofunda.

"Ndikuona," ndinatero. "Usasunthe."